Kafadala woyenda pansi ndi kashembe wamapiko

Ife a kunyanja tikakwera kumtunda ndi madengu a usipa, kukatsatsa ku Mpingu, ku Namitete kapena ku Nsaru, chimene chimayamba kutigwira maso si fodya ayi, koma ngolo. Ngolo za ng'ombe zili ponseponse. Ina yasenza njerwa, ina chimanga, ina yanyamula wodwala kuthamangira naye ku chipatala cha St Gabriel's. Kamnyamata koti sikanamalize n'komwe pulayimale kakuyendetsa ng'ombe ziwiri zonenepa ngati masewera. Munthu wochokera m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, amene anayesapo kuweta ng'ombe n'kuziona zikuwonda mpaka kufa, amangogwira pakamwa: kodi anzathuwa ali ndi mankhwala anji?

Mankhwala achilendo alibe. Mwayi wawo ndi wakuti kwawoko kulibe kashembe.

Koma kashembe sanachoke yekha m'chigwa cha Lilongwe, ndipo sanachoke kwaulere. Kuti timvetse mtengo umene unalipidwa, tiyeni timuike pambali pa kachilombo kena ka m'tchire lomwelo, kamene sikaluma munthu, sikadwalitsa chiweto, ndipo kuuluka sikadziwa.

Wodzifetsa uja

Kafadala ambiri tinamudziwa tili ana. Thupi lake ndi lolimba ngati mwala, lotukuka pamsana, lokhakhala, ndipo ali ndi mlomo waufupi wonenepa woloza pansi. Ukamukhudza amapinda miyendo n'kugwa chagada, basi zii. Mutembenuze, mugogode ndi kamtengo, iye phee. Ukatopa n'kuchokapo, amadzuka pang'onopang'ono n'kupitiriza ulendo wake ngati palibe chachitika. Dzinalo linachokera pomwepo: amafa dala.

Akatswiri a tizilombo amatchula banja lake kuti Brachycerus, ndipo mitundu yake ilipo mazana angapo, yambiri mu Africa muno. Ndi msuweni wa nankafumbwe, mukayang'anitsitsa mlomo muona kufanana. Kusiyana kwake n'kwakuti nankafumbwe amauluka kuchoka m'nkhokwe kukapeza chimanga chidakali kumunda, pamene kafadala sangayerekeze. Mapiko olimba a pamsana pake anamatirirana kukhala chigoba chimodzi, ndipo pansi pa chigobacho palibe mapiko owulukira. Chigobachi chimamuthandiza: mbalame imavutika kuchiswa, komanso thupi silitaya madzi msanga dzuwa likaswa mtengo. Koma ulendo wake wonse ndi wapansi.

Chakudya chake ndi zomera zija za m'tchire ndi m'mphepete mwa madambo zimene zili ndi chinthu ngati anyezi pansi, zija zimatulutsa maluwa mvula yoyamba ikangogwa. Wamkulu amadya masamba ake. Wamkazi amaikira mazira m'dothi pafupi ndi chomeracho, mphutsi imalowa m'kati mwa anyezi wa m'tchireyo n'kumadya, kenako imasandulika m'dothi momwemo. Kotero kubadwa, kukula, kukwatira ndi kufa, zonse zimachitikira pamene miyendo yake ingafike. Kuti tisamuyeretse kwambiri, abale ake ena a ku maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean amaononga adyo m'minda. Koma nkhokwe yanu ya chimanga, mpunga wanu, chinangwa chanu, iye alibe nazo ntchito.

Ntchentche yobereka ngati ng'ombe

Kashembe ukangomuona koyamba ungati ndi ntchentche wamba yotuwa. Zomusiyanitsa ndi zitatu. Akatera amasanjikiza mapiko, lina pamwamba pa linzake, ngati sizasi yotseka. Mlomo wake umaloza kutsogolo ngati singano. Ndipo mukamupha n'kuyang'ana phiko padzuwa, pakati pake pali kachithunzi konga nkhwangwa. Kwa udzudzu woluma ndi wamkazi yekha, koma kwa kashembe onse amaluma, wamwamuna ndi wamkazi, ndipo chakudya china sadziwa koma magazi basi. Amene analumidwapo safunsa kawiri: zimakhala ngati wakubaya ndi waya wamoto, ndipo malaya opyapyala amangoboola.

Chodabwitsa chili pa kubereka. Ntchentche ya m'nyumba imaikira mazira pafupifupi 100 nthawi imodzi pa chinthu chowola n'kuuluka osacheuka. Kashembe saikira mazira. Dzira limodzi lokha limaswera m'mimba mwake, ndipo mphutsiyo imakulira momwemo ikuyamwa timadzi tonga mkaka timene mayi amapanga kuchokera m'magazi amene wamwa. Pakatha masiku 9 kapena 10 amabala mphutsi imodzi yokhwima, yolemera pafupifupi ngati iye mwini. Amasankha pamthunzi, pa dothi lofewa: pansi pa chipika chakugwa, pansi pa ziyangoyango, pakhomo pa una wa njiri. Mphutsi imadzikwirira nthawi yomweyo, khungu lake limauma kukhala kachikwa kakuda kolimba, ndipo pakatha pafupifupi mwezi m'pamene mumatuluka kashembe watsopano. Wamkazi mmodzi moyo wake wonse ana amene amabala kawirikawiri sapitirira 10.

Tasungani mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku. Chilombo chobereka mmodzimmodzi chotere sichipirira kuphedwa. Akatswiri anawerengera kuti kungopha aakazi 4 pa 100 aliwonse tsiku ndi tsiku, osalekeza, mtundu wonse pamalopo umatha.

Magazi amene amawakonda kwambiri ndi a njiri, nguluwe, mbawala ndi njati. Njiri ndi nguluwe ife sitiika m'mbale, koma kwa kashembe ndiye ndiwo zapamtima. Nyama zimenezi zimakhala ndi tizilombo ta kaodzera m'magazi koma osadwala, zinazolowerana kalekale. Kashembe akayamwa kwa izo, tizilombo timakhwimira m'thupi mwake kwa masabata ngati atatu, kenako aliyense amene wamuluma, kaya ng'ombe, kaya mbuzi, kaya munthu, angathe kulandira. Si kashembe aliyense amene ali ndi tizilomboti, ambiri alibe, koma palibe amene amalemba pamphumi.

Mukawaika pamodzi awiriwa muona kuti ubwana wawo ndi umodzi. Onse amakulira m'dothi, pamthunzi, pamalo pamene khasu silinatembenuze. Onse ndi ana a tchire la mitengo ya mombo, mitondo ndi masuku. Amasiyana pamene zinthu zavuta. Kafadala nzeru yake ndi imodzi yomwe ija, kudzifetsa. Kwa mbalame imagwira ntchito. Kwa moto wa osaka mbewa, kwa khasu, kwa tayala la ngolo, kudzifetsa n'kufa kwenikweni. Kashembe sadikira. Nyama zikasamuka naye amasamuka. Amakopeka ndi chinthu chachikulu chimene chikuyenda, ndiye amatera pamsana pa wokwera njinga, pa katundu wa pa lole, m'kati mwa minibasi, n'kutsikira kutali kumene mapiko ake okha sakanamufikitsa.

Mmene chigwa chinayerera

M'zaka za m'ma 1890 mliri wa rinderpest unasesa ng'ombe ndi nyama za m'tchire kuchokera kumpoto chakum'mawa kwa Africa mpaka kumwera. Njati ndi njiri zinafa zambirimbiri, kashembe n'kusowa chakudya, n'kuchepa. Koma nyama zinachulukanso, boma la atsamunda linaika malamulo oletsa anthu akuda kusaka momasuka, ndipo kashembe anabwerera ndi mphamvu. Anthu anayamba kufa ndi kaodzera m'mbali mwa nyanja cha ku Domira Bay. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anazindikira kuti kaodzera wa mbali ino ndi wa mtundu wakewake, atapima magazi a munthu amene anadwalira ku chigwa cha Luangwa. N'chifukwa chake mpaka lero mtunduwu umatchedwa rhodesiense.

Boma la Britain linatumiza David Bruce, yemwe uja anatulukira ku Zululand kuti kashembe ndiye amafalitsa matenda a ng'ombe otchedwa nagana. Anamanga msasa pa phiri la Kasu m'chigawo chapakati, nagwira ntchito mpaka 1914. Malangizo ake anali achidule: iphani nyama za m'tchire. Dokotala wa mishoni ku Kasungu, George Prentice, naye ankalimbikira zomwezo. Ku Kasungu komweko anthu anasamutsidwa m'midzi yawo chifukwa cha kaodzera, ndipo mu 1922 dera losiyidwalo linasanduka nkhalango yotetezedwa, imene lero ndi paki ya Kasungu. Taonani zachilendo: kuchotsa anthu kunapatsa kashembe malo okhazikika. M'zaka zimenezo iye ankasendera chakumwera kuchokera ku Kasungu, kulowera ku Mchinji ndi ku Dowa, ndipo oweta ng'ombe a m'chigwa cha Lilongwe anali ndi chifukwa chogonera kukhosi kuli gwa.

Chimene chinamubweza si mfuti za boma kwenikweni, koma fodya ndi kuchuluka kwa anthu. Cha m'ma 1920 mzungu wina, A. F. Barron, anayamba kulimbikitsa ulimi wa fodya wa chikopa ku Mbabzi, ndipo m'zaka zochepa alimi zikwizikwi a m'chigwachi anali atalowa m'fodya. Chikopa amachiumitsa ndi utsi, ndiye chimadya nkhuni. Munda watsopano umadya tchire. Zigafa zimadya milimo ndi mapaso. Kenako mu 1968 kunabwera chitukuko chachikulu cha Lilongwe Land Development Programme, ndi ndalama za World Bank: misewu, mijigo, misika, ngongole za feteleza ndi mbewu. Midzi inakula mpaka kugundana. Njiri inasowa pokumba una, mbawala inasowa pobisala, mthunzi unatha, ndipo kashembe, wopanda magazi ndi wopanda poberekera, anazimirira.

Lero mukaima pa chulu ku Kabudula kapena ku Nambuma mwezi wa Okutobala, maso amafika kutali kwambiri. Mizere, mizere, mizere. Mitengo ya mango, bulugama apa ndi apo. Ndiyeno timagulu ta mitengo yachilengedwe tobiriwira ngati zilumba. Funsani mwini mudzi akuuzani: amenewo ndi manda. Mwambo wa Achewa sulola nkhwangwa kulowa kumanda mwachisawawa, ndiye tchire lakale linatsalira kumeneko, kuphatikizapo m'mphepete mwa madambo ena ndi nkhalango ya Dzalanyama, imene inatetezedwa mu 1922 ndipo ndi yaikulu pafupifupi mahekitala 99,000, ngakhale makala akuidya usana ndi usiku mpaka boma linachita kutumizako asilikali.

Kwa kashembe kachilumba ka kumanda n'kochepa, mulibe nyama zoti n'kumudyetsa. Kwa kafadala n'kokwanira kukhalamo, koma ndi ndende. Moto ukalowa chaka china n'kupsereza onse, kapena mbuzi ndi makasu zikamaliza zomera zake, palibe mnzake wa kumanda ena amene angabwere kudzayambitsanso mtundu. Pakati pali minda yotembenuzidwa chaka ndi chaka, pali msewu, pali nkhuku za m'mudzi. Woyenda pansi akatha pamalo, watha basi.

Kashembe ndiye wosiyana. Mbiri yolimbana naye mu Africa yadzaza ndi madera amene anayeretsedwa ndi ndalama zambiri, ntchito italekeka iye n'kubwereranso kuchokera ku tchire loyandikana. Kumene anatheratu n'kosowa. Chitsanzo chotchuka ndi chilumba cha Unguja ku Zanzibar, kumene anamumaliza mu 1997 pomwaza aamuna ofulidwa ndi cheza kuti aakazi asabereke. Zinatheka chifukwa ndi chilumba, nyanja inatseka njira yobwererera. Ife nyanja tili nayo mbali imodzi yokha.

Ngongole imatsika ndi mtsinje

Wina afunsa kuti, nanga za kafadala wa ku Nsaru zikutikhudza bwanji ife okoka makoka? Yankho lili m'madzi. Mvula yogwa mbali ya Namitete imalowa mu mtsinje wa Namitete, umene umathira mu Bua, ndipo Bua amadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota n'kudzathira m'nyanja kwathu kuno. Yogwa mbali ya Dzalanyama ndi kufupi ndi mzinda imatsata mtsinje wa Lilongwe, kulowa mu Linthipe, n'kutulukira ku Salima. Paja madzi saiwala khwawa.

Dothi limene kafadala amakuliramo, lophimbidwa ndi masamba owola, lolukidwa ndi mizu, ndi lomwe limamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Likavundukulidwa, mvula imalikokolola. Mitsinje imabwera yofiira, imasefukira mwaukali mu Febuluwale, ikafika Okutobala yaphwa. Tsono mpasa siziswana m'nyanja. Zimakwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi oyera othamanga. Matope akakuta timiyalato mazira amasowa mpweya n'kufa. Akuluakulu athu amakumbuka nthawi imene ntchila inali nsomba ya tsiku ndi tsiku. Nayo inali yokwera mitsinje, ndipo pakati pa maukonde otchinga pa mathiriro ndi kuonongeka kwa mitsinjeyo, lero mwana wobadwa chaposachedwa mwina sanailawepo.

Sitikuloza chala anzathu a kumtunda ayi. Anafuna minda, anafuna ng'ombe, ndipo anazipeza. Ifenso tikanakhala komweko tikanachita chimodzimodzi, ndiponso nkhuni zowambira nsomba zathu sizigwa kumwamba. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a chigwa cha Lilongwe amene amawalandira ndi ife.

N'chifukwa chake tikamva mawu akuti njira yothetsera kashembe ku Nkhotakota n'kugwetsa tchire ndi kupha nyama, timaona kuti ndi mankhwala a Bruce omwe aja abweranso atavala malaya ena. Dandaulo la anthu a m'malire mwa nkhalango si lopeka. Chiyambire pamene bungwe la African Parks linatenga udindo wosamala nkhalangoyi mu 2015, nyama zachuluka: mu 2016 ndi 2017 mokha munalowetsedwa njovu pafupifupi 500 ndi nyama zina pafupifupi 2,000 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mpanda umatchinga njovu, koma kashembe sadziwa waya. Amene ng'ombe yake yafa, kapena amene waika mwana m'manda chifukwa cha kaodzera, simungamutonthoze ndi nkhani ya alendo odzaona nyama. Ali ndi ufulu wofunsa a nkhalango ndi a boma kuti, popeza nyamazo mwachulukitsa ndinu, ntchentche yake mukuchita nayo chiyani?

Koma tisaiwale kuti chigawo cha Bua chimene chili m'kati mwa nkhalangoyo ndi amodzi mwa malo ochepa amene mpasa yatsala nawo oswanirana. Kugwetsa tchire limenelo n'kugula ng'ombe polipira mpasa. Ndipo kusinthanako n'kopanda chilungamo, chifukwa tchire likatha zoyamba kutheratu ndi zonga kafadala, zosatha kuthawa, pamene woluma uja amangosendera pa chigwa china n'kumadikira.

Nsalu ya buluu

Apa m'pamene mfundo ija ya kubereka mmodzimmodzi ikugwira ntchito. Kashembe angathe kuphedwa osadula mtengo ngakhale umodzi. Amakopeka ndi mtundu wa buluu, ndipo amakonda kutera pa chakuda. Ndiye akatswiri, makamaka a ku Zimbabwe, anakonza nsalu za buluu ndi zakuda zonyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo, zimene zimaimikidwa m'tchire ngati mbendera. Pena amaikapo botolo la fungo lofanana ndi mpweya kapena mkodzo wa ng'ombe. Iye amabwera poganiza kuti wapeza nyama, amatera, mankhwala amamugwira kumiyendo, amakafera kutsogolo. Amene mumayenda m'malire mwa nkhalango ya Nkhotakota, Kasungu, Vwaza kapena Liwonde mwaziona nsaluzi.

Mdani wa nsaluzi ndi ife tomwe. Kulikonse kumene zaikidwa mu Africa dandaulo limakhala lofanana: anthu amazichotsa kukasoka makatani kapena kufunditsa katundu, ndipo moto wolusa umapsereza zotsalazo. Nsalu imodzi yochotsedwa ndi khomo lotsegulidwa kumudzi kwanu komwe. Ndiponso ili ndi poizoni, si yoti mwana agonepo. Mafumu, makomiti a m'midzi ndi a m'magombe, nkhaniyi ndi yoyenera kuikamba poyera ngati mmene timakambira za maukonde a udzudzu ogwirira nsomba.

Ng'ombe yeniyeniyo ingathenso kukhala msampha. Kashembe amakonda kuluma kumiyendo ndi kumimba, ndiye kupopera mankhwala a dibi a mtundu woyenera malo amenewo okha, pafupipafupi monga mlangizi wa ziweto angakuuzeni, kumapha ntchentche ndi nkhupakupa nthawi imodzi pa mtengo wochepa. Si dibi aliyense amene amapha kashembe, ena ndi a nkhupakupa zokha, ndiye funsani musanagule. Ng'ombe yodwala nagana imawonda ngakhale msipu ulipo, ubweya umaimirira, maso amalira misozi, m'kamwa ndi m'zikope mumayera, yabere imataya, yokoka ngolo imangofooka panjira. Mankhwala ochizira alipo, ambiri timawadziwa ndi dzina lakuti Berenil, ndipo otetezera ndi Samorin. Koma chizolowezi chogawa paketi imodzi kwa ng'ombe zitatu kuti ndalama ikwane ndicho chikuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Mulingo umatsata kulemera kwa chiweto.

Izi zikukhudzanso nyengo ya Eid ya nsembe. Ambiri timagula ng'ombe ndi mbuzi kumtunda chifukwa n'zonenepa ndipo mtengo umakhalako bwino. Chiweto cha ku Nsaru kapena ku Namitete sichinakumanepo ndi kashembe chibadwire. Mukachigula miyezi iwiri isanakwane nthawi n'kukachisunga kufupi ndi nkhalango, mungadzapeze kuti tsiku lafika chili mafupa okhaokha, chosayenera nsembe. Mukachibaya jekeseni mochedwa, pali masiku amene ayenera kudutsa nyama yake isanadyedwe, ndipo masikuwo alembedwa pa paketi. Kuli bwino kugula nthawi itayandikira, kapena kuchisungitsa kutali ndi tchire. Ulendo wobwerera nawo uli ndi zake: ng'ombe yooneka yathanzi ingathe kunyamula m'magazi tizilombo todwalitsa anthu. Ku Uganda, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kaodzera anafika m'boma la Soroti, kumene kunalibe, kudzera m'ng'ombe zogulidwa pa msika kuchokera ku madera a matendawa. Kalata ya a zanyama posamutsa chiweto si yongovutitsa anthu.

Malungo osamva LA

Kaodzera wa kwathu kuno sachedwa. Wa ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa amatha zaka ali m'thupi, koma wa rhodesiense amapha m'masabata kapena miyezi yochepa ngati munthu salandira chithandizo. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene amapeza odwala ambiri a mtunduwu, makamaka ku Rumphi ndi ku Nkhotakota, ndipo mu 2019 ndi 2020 chiwerengero chinakwera kwambiri.

Vuto n'lakuti amayamba ngati malungo: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mfundo. Ena amatuluka chotupa chowawa pamalo polumidwa patapita masiku angapo. Tizilombo tikafika ku ubongo munthu amasokonekera, amagona masana n'kumakhala maso usiku, amalankhula zosamveka, khalidwe limasintha. Apa m'pamene mabanja ambiri amataya nthawi, poganiza kuti ndi misala, majini kapena kulodzedwa, n'kumazungulira naye kwina ndi kwina pamene chofunika ndi kadontho ka magazi pa galasi la ku labotale. Dua tipange, koma tikupita kuchipatala. Munthu amene wapimidwa malungo osapezeka, kapena wamaliza LA koma thupi likutenthabe, ndipo anayendako kufupi ndi nkhalango, apemphe yekha kuti amupime kaodzera.

Kale anthu ankaopanso mankhwala ake, ndipo chifukwa chinalipo. Matenda akafika ku ubongo ankabaya melarsoprol, jekeseni wowawa wokhala ndi poizoni wa arsenic, amene yekha ankapha pafupifupi wodwala mmodzi pa 20 aliwonse. Tsopano kuli mapiritsi a fexinidazole, amene anayesedwa pa chipatala cha Rumphi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda, ndipo bungwe la ku Ulaya loona za mankhwala linawavomereza pa kaodzera wa mtundu wathuwu mu Disembala 2023. Amamwedwa kamodzi patsiku kwa masiku 10, munthu atadya, moyang'aniridwa ndi achipatala. Ndi a anthu a zaka 6 kupita m'tsogolo amene akulemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Ana ochepera apo, ndi ena amene dokotala waona kuti mapiritsi sawayenera, akulandirabe mankhwala akale aja. Mankhwala a kaodzera sagulitsidwa, amaperekedwa ulere.

Podziteteza, katemera kulibe. Chimene chilipo n'kusamala zovala: popita kotola nkhuni, kofula njuchi, kozula bowa kapena kowedza m'mitsinje ya m'malire mwa nkhalango, valani zokhuthala, za manja aatali, zotuwa kapena za khaki. Buluu ndi chakuda n'kudzisandutsa nsalu ija. Amayi athu amene amakonda zovala zazitali zakuda, kutalikako n'kwabwino ndithu, koma pa ulendo wa kutchire sankhani mtundu wowala.

Anzathu a kumtunda nawo tiwachenjeze. Ogula nsomba ambiri ochokera ku Kasungu, ku Dowa ndi ku Lilongwe amatsika ndi msewu wa M18, umene umadutsa m'kati mwenimweni mwa nkhalango ya Nkhotakota, ena pa njinga zamoto, ena pamwamba pa matumba kumbuyo kwa lole. Akalumidwa amakadwalira kwawo, ku Kabudula kapena ku Nambuma, kumene wachipatala angathe kugwira ntchito zaka zambiri osaonapo wodwala kaodzera ngakhale mmodzi, ndipo sangaganizeko msanga. Pomuyezera usipa kasitomala wanu wa kumtunda, muuzeni kuti akakadwala malungo osamva mankhwala m'masabata atatu otsatira, mawu oyamba kuuza dokotala akhale akuti: ndinadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota.